Kozi ya makompyuta ya ku Braamfontein: yoyenera ena, osati aliyense

Abale amene mwakhala mukundifunsa ngati kozi ya makompyuta ija ndinkapita Loweruka lililonse ku Braamfontein, kuno ku Joni, ndi yoyenera kuilipirira, ndiyankhe pano kamodzi n'kamodzi kuti ndisamabwereze nkhani imodzimodzi tikatuluka m'tchalitchi. Ngati munagwirapo ntchito ya maakaunti, ya malipiro a antchito kapena yowerengera katundu, ndipo makina akulandani mpando, m'koziyi muli chinthu chimene chingakuthandizeni. Koma ngati Excel simunaigwirepo chibadwire, ndipo chakukokani ndi chikwangwani cha mtsikana womwetulira atanyamula laputopu ku Sandton, ndalama zanu zisungeni. Dzina la sukuluyo sinditchula. Masukulu oterewa alipo angapo cha ku misewu ya Jorissen ndi De Korte, ndipo mafunso amene ndikupatseni mukhoza kukafunsa paliponse.

Ine kwathu ndi ku Zomba, ndili ndi zaka za m'ma 40, ndipo kuno ku Joni ndakhalitsa moti mapepala anga ndi a pemanenti. Ndinali kalaliki pa kampani ina ya malole kufupi ndi City Deep. Ndinkayang'anira ngongole za kampani kwa amene amatigulitsa dizilo, matayala, zitsulo za malole ndi ntchito za m'galaja. Invoisi ikabwera ndinkaiyerekeza ndi oda komanso pepala losonyeza kuti katundu wafikadi, n'kuilemba mu Pastel, pulogalamu yosungira mabuku a ndalama, kenako kumapeto kwa mwezi n'kukhala mpaka usiku kuyanjanitsa masitetimenti. Mu 2019, Standard Bank italengeza kuti itseka nthambi 91 ndipo ntchito pafupifupi 1,200 zikhudzidwa, tonse mu ofesi tinkati imeneyo ndi nkhani ya a kubanki, anthu ayamba kutumiza ndalama pafoni, koma malole sadzasiya kumwa dizilo. Malolewo mpaka lero akumwadi. Kungoti kampani inagula pulogalamu imene imatsegula yokha imelo, kuwerenga invoisi, kutolamo deti, ndalama ndi nambala ya VAT, n'kuziyanjanitsa ndi oda popanda munthu kugwira kiyibodi. Kalata ya Section 189, yodziwitsa kuti akufuna kuchepetsa antchito, inabwera, misonkhano yokambirana inachitika monga lamulo linenera, ndipo mwa ife asanu anatsala awiri. Ndinapatsidwa malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene ndinagwira, ochepetsetsa amene lamulo la kuno limalola, ka UIF, kandalama ka inshuwaransi ya otaya ntchito, n'kubwera pambuyo pake.

Pa ndalama imeneyo ndi pamene ndinatapa R8,500 ya koziyi, chakumapeto kwa 2023. Miyezi itatu, Loweruka kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, magawo anayi: Excel, Power BI (yosandutsa manambala kukhala zithunzi), SQL (chilankhulo chofunsira data m'kompyuta) ndi Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu). Pa kapepala kawo analemba kuti ukamaliza udzakhala "data analyst", wosanthula manambala a kampani, ndipo adzakuthandiza kupeza ntchito. Mnyamata wa pa risepushoni anali waulemu zedi, anandipatsa mpando ndi madzi, n'kumanditchula kuti mama mpaka ndinasaina. Kuti ndimadziwa chiyani pa kompyuta, sanafunse. Fotokope ya MSCE yanga anangoilandira n'kuiponya m'fayilo, ngakhale kuiyang'ana ayi.

Za malowo palibe zambiri. Nsanjika yachitatu, chikepe chogwira ntchito tsiku limene chafuna, chipinda chaukhondo, zimbudzi zaukhondo. Makompyuta anali okwana aliyense, koma ena okalamba moti Power BI inkatseguka iwe utamaliza kupereka moni kwa kalasi yonse. Chaka chimenecho magetsi ankathima mosaneneka, ndipo inveta yawo inkangokwanitsa intaneti ndi pulojekita, choncho a malaputopu tinkapitiriza, enawo n'kumangoonerera. Pano magetsi akhazikikako. Laputopu njofunikabe chifukwa ntchito ya kunyumba ndi yambiri, ndipo ikhale ya Windows. Power BI Desktop sigwira pa Mac kapena pa Chromebook. Mayi wina wa ku Soweto anagula Chromebook mwadala chifukwa cha koziyi, popanda womuuza. Yanga ndinkaikulunga m'chitenje n'kuiika m'jumbo ya ku Shoprite, pamwamba pake kabichi, kuti powoloka mlatho wa Nelson Mandela kuchokera ku renki ya Bree anyamata olanda aja aziona ngati ndikuchokera kumsika.

M'kalasi tinali anthu osiyanasiyana, koma ambiri bala lathu linali limodzi. Wina anali wopereka ndalama pa kauntala ya banki, wina woyankha mafoni a makasitomala, wina wotayipa makalata kwa maloya, wina mayi wachikulire amene anakonza malipiro a antchito zaka zambiri mpaka kampani inasamutsira ntchitoyo pa intaneti. Panalinso achinyamata angapo a madigiri amene sanagwirepo ntchito n'komwe. Tonsefe anatiika m'chipinda chimodzi, pa liwiro limodzi.

Gawo la Excel ankaphunzitsa mayi wina wa ku Zimbabwe amene anasungapo mabuku a ndalama zaka zambiri asanayambe uphunzitsi. Ngati pali chifukwa chopitira kusukuluyi, chifukwacho ndi gawo limeneli, ndipo musanalipire funsani kuti amene akuliphunzitsa anagwirapo ntchito yanji. Tsiku loyamba anatiuza kuti aliyense abwere ndi fayilo yosokonekera kwambiri imene angaipeze, atafufutamo maina ndi manambala a anthu chifukwa cha POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu. Ine ndinapempha masitetimenti a kubanki kwa m'bale wathu wina amene amanyamula katundu wa anthu kupita ku Lilongwe. Amene munatumizapo firiji kapena njinga kumudzi mukudziwa mmene timalembera polipira: wina alemba "firiji Area 25", wina dzina la mwana, wina nambala ya foni, wina osalemba kanthu. Mwini lole ankangodalira mutu wake ndi kabuku kothimbirira.

Pa fayilo imeneyo ndi pamene ndinaphunzira Power Query, kagawo ka mu Excel momwemo kamene ambirife sitikadziwa. Umakauza kamodzi kokha: chotsa mizere yapamwambayi, lekanitsa deti ndi mawu, makoma a m'manambala asanduke madontho, lumikiza ndi mndandanda wa makasitomala. Iko kamasunga masitepe onsewo, ndipo mwezi wotsatira ukangoika sitetimenti yatsopano n'kudina batani limodzi, kamabwereza zonse kokha. Ntchito yofanana ndi imene inkandigoneka mu ofesi kumapeto kwa mwezi inatha tiyi akadali wotentha. Kanthu kameneka kali mu Excel kuyambira ya 2016. Kanali pa kompyuta yanga yomwe ija ya ku City Deep zaka zonsezo, ndipo palibe bwana anaganizapo zonditumiza kukakaphunzira.

Mayiyo sanatinyengerere. Anati pulogalamu imene inatichotsa ntchito imachita zomwezi, kungoti mwachangu ndi pa mapepala masauzande, ndipo ntchito yongokopera manambala sidzabweranso. Kenako anationetsa pamene makinawo amapunthwa. Invoisi ikagwirizana ndi oda amaidutsitsa. Ikapanda kugwirizana amaiika pambali kuti munthu aione. Koma pali zolakwika zina zimene amazidutsitsa bwinobwino chifukwa masamu ake akugwirizana, pokhapokha munthu wodziwa atawauza kaye zoyenera kusamala. Anatigawira mulu wa mainvoisi opeka kuti tipezemo zolakwika, ndipo apa m'pamene ndinaona kuti zaka zanga sizinapite pachabe. Invoisi ina ya dizilo inali ndi VAT ya 15 peresenti, pamene kuno pa dizilo ndi petulo VAT ndi ziro. Ina inali ndi nambala ya VAT yoyamba ndi 7, pamene ya VAT imayamba ndi 4 ndipo imakhala ya manambala 10, yoyamba ndi 7 ndi ya PAYE. Ina inali invoisi yomwe ija ya matayala itabwera kachiwiri, nambala yake atangoisintha pang'ono. Ndiye panali kalata yaulemu kwambiri yonena kuti tasintha akaunti ya kubanki, chonde muzilipira ku yatsopanoyi. Umbava umenewu wavutitsa makampani ambiri kuno, ndipo mankhwala ake ndi akale: imba foni pa nambala imene unali nayo kale, osati imene yalembedwa pa kalatayo. Achinyamata a madigiri aja, amene pa kiyibodi ankandisiya kutali, anaphonya pafupifupi zonse. Ine ndi mayi wa malipiro uja tinazitola mmene timasankhira timiyala mu mpunga wa ku Domasi.

Potuluka mphunzitsiyo anandikokera pambali. "Mama, musathamangire kukhala china chatsopano. Zimene mukudziwa za dizilo ndi matayala ana awa sazidziwa. Onjezeranipo chida basi." Pa miyezi yonse itatu, mawu a phindu anali amenewa, ndipo pa chikwangwani chawo palibepo.

Magawo enawo ndidutsepo mwachangu. Power BI inali yokoma m'maso, koma tinkagwiritsa ntchito data ya AdventureWorks, kampani yopeka yogulitsa njinga imene Microsoft inakonza kuti anthu aziphunzirirapo. Data yotsukidwa kale, yopanda banga. Ukakoka apa n'kuponya apo, chithunzi chokongola chatuluka, mtima n'kumati ndadziwa. Maphunziro ngati omwewa alipo aulere pa Microsoft Learn, ndipo mayeso enieni a Microsoft, a PL-300, sanali m'kati mwa R8,500 ija. Umalembetsa wekha, kulipira wekha. SQL ndi Python ankaphunzitsa mnyamata amene ndikukhulupirira kuti ndi wanzeru, koma ankangowerenga zimene zili pa pulojekita, ukamufunsa n'kukuuza kuti ukafunse ChatGPT. Python anaipatsa ma Loweruka awiri. Tinakopera mizere imene iye analemba, yowerengera kuti ndi anthu otani amene anapulumuka sitima ya Titanic itamira mu 1912. Ndinafika kunyumba ndikudziwa kuti azimayi a m'zipinda zodula ndi amene anapulumuka ambiri, koma Python ayi. Kuilemba pa CV mutaphunzira motere n'kudziputira manyazi pa intavyu.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi nkhani ya achimwene ena a ku Mangochi amene ankakhala pafupi nane. Amagwira ntchito yaulonda ku Randburg, ya usiku, ndipo Loweruka ankabwera molunjika kuchokera kuntchito, maso ali psuu. Munthu wakhama, wa MSCE yabwino, koma kompyuta imene ankaidziwa ndi foni basi. Pamene ife tinali pa XLOOKUP, fomula ya mu Excel yofufuzira zinthu m'mndandanda, iwo anali akufunafuna kumene fayilo yawo yasungidwa. Ndinkawathandiza nthawi yopuma tikugawana tchipisi, koma Loweruka lotsatira kalasi inali itapita patsogolo kale. Mwezi wachiwiri anasiya kubwera. Nditawaimbira anati, "Achemwali, ine mutu waima. Ndalama imeneyi inali ya malata a nyumba ya amayi kumudzi." Koma kubanki anapitiriza kuwadula mwezi ndi mwezi, chifukwa anasaina kuti azilipira pang'onopang'ono. Lamulo loteteza ogula la 2008 limalola munthu kuthetsa pangano lotere atapereka chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito, ngakhale akhoza kumulipiritsa kachindapusa. Iwo sankadziwa, ndipo tonse tikudziwa kuti munthu amene pemiti yake ili ndi mafunso sathamangira ku ofesi ya boma kukadandaula. Mayeso a mphindi zochepa pa risepushoni akanaonetsa kuti achimwenewa akufunika kaye kozi yoyambira, imene sukuluyo ili nayo, yotchipa. Anawalembetsa yodulayo.

Tsopano za satifiketi. Pakhoma la risepushoni pali chizindikiro chachikulu, cha m'felemu, cha MICT SETA, limodzi mwa ma SETA, mabungwe oyang'anira maphunziro a ntchito; ili ndi la za makompyuta. Satifiketi imene ndinalandira, itachedwa ndithu, ikungonena kuti ndinapezeka pa maphunzirowo. Palibe levulo ya NQF, makwerero a boma a maphunziro ovomerezeka, palibe nambala ya SAQA, bungwe limene limalembetsa maphunzirowo. Nditafunsa, mayi wa mu ofesi anandiuza mosabisa kuti chilolezo chawo ndi cha kozi yoyambira ija, osati yathuyi. Pakamwa palibe anandinamiza, koma khoma lija linasiyidwa kuti lizilankhula lokha. Kuno chilolezo chimaperekedwa pa kozi iliyonse payokha, osati pa nyumba yonse, ndipo maphunziro ambiri a ntchito akusamutsidwira ku bungwe lina la boma lotchedwa QCTO. Funsani motere: kozi iyiyi, imene ndikulipirayi, ili pa levulo yanji ya NQF, ndipo nambala yake ya SAQA ndi iti? Unduna wa maphunziro apamwamba, DHET, umatulutsanso mndandanda wa makoleji oima paokha amene analembetsa. Kozi yaifupi yopanda NQF si mlandu, ndipo luso lake likhoza kukhala lenileni monga ndanenera za Excel. Koma munthu adziwe chimene akugula.

Thandizo lopezera ntchito lija linali ola limodzi lokonza CV ndi gulu la WhatsApp lotumizirana zotsatsa ntchito za pa PNet ndi LinkedIn, zimene aliyense angazione yekha. Ukaziwerenga, zambiri zimafuna digiri ya statistics kapena computer science, komanso zaka ziwiri kapena zitatu ukugwira kale ntchitoyo, ngakhale pamwamba alemba kuti ndi ya wongoyamba kumene. Yunivesite ya Wits ili poyenda pansi kuchokera pakhomo la sukuluyo, ya UJ ili pa Auckland Park pompa, chaka ndi chaka zikutulutsa ana a madigiri amenewo, m'dziko limene ulova ukupitirira 30 peresenti. Mayi wa zaka za m'ma 40, wa satifiketi ya pa Loweruka, aima pati pa mzere umenewo? Makampani akulira kuti akusowa anthu aluso, ife tikulira kuti tikusowa ntchito, ndipo sukulu ili pakati ikugulitsa dzina la ntchito imene olemba ntchitowo sapereka kwa anthu ngati ife.

Palinso mbali ina imene ife obwera tiyenera kuimvetsa. Kampani iliyonse imene malipiro a antchito ake onse amapitirira R500,000 pachaka imapereka 1 peresenti ya malipirowo ku SARS, bungwe lotolera misonkho, ngati msonkho wa maluso, malinga ndi lamulo la 1999, ndipo ndalamazo zimapita ku ma SETA 21 ndi ku National Skills Fund. Ndi zimene zimathandiza kulipirira ma learnership mumamva aja, pamene munthu amaphunzira kwaulere n'kumalandiranso kangachepe. Koma ambiri amafuna nzika ya South Africa, kawirikawiri yosapitirira zaka 35, ndipo mapointi a B-BBEE, ndondomeko yokweza anthu akuda pa chuma, amene kampani imapeza pophunzitsa munthu amawerengedwa pa nzika zakuda za dziko lino. Ine wa pemanenti, khungu lomwelo, m'chiwerengero chimenecho mulibe. Sindikuderera lamuloli, dziko ndi la eni ake ndipo mbiri yake tonse tikuidziwa. Chimene ndikunena n'chakuti mnyamata wa pa risepushoni uja ataona mapepala anga ankadziwa kuti makampani amene sukuluyo imati ndi anzake sanganditenge pa njira imeneyo, koma anakhala chete. Pomwe msonkhowo unkawerengedwa pa malipiro anganso zaka zonse zija.

Kwa ife a mapepala a kumudzi, ndalama yoyamba ndi bwino ipite ku SAQA kuti aunike MSCE kapena diploma yanu n'kunena levulo imene ikufanana nayo kuno. Makampani akuluakulu amalifunsa pepala limenelo, ndipo pa viza ya maluso osowa ya ku Home Affairs limafunikanso. Kozi ya Loweruka silowa m'malo mwake, ndiponso sisintha pemiti ya munthu, ngakhale ena m'kalasi mwathu ankayembekezera choncho.

Nanga ine ndili pati? Udindo wa "data analyst" uja sindinaupeze. Ndikusunga mabuku a mabizinesi ang'onoang'ono: m'bale wa lole ya ku Lilongwe uja, galaja ina yowongola magalimoto ku Booysens, ndi sitolo ina yopikulitsa ku Fordsburg. Awa sangagule pulogalamu ngati imene inandichotsa ntchito, koma awiri ali pa Sage ndi Xero, mapulogalamu osungira mabuku a ndalama, kumene banki imatumiza yokha zolowa ndi zotuluka, ndipo akufuna munthu woti aziona zimene zasochera n'kukonzera akauntanti wawo mapepala a VAT nthawi isanakwane. Kumapeto kwa mwezi ndimagwiranso ganyu pa kampani ina ku Kempton Park, kuyang'ana mainvoisi amene makina aika pambali. Pa intavyu satifiketi ija sanaifunse. Anandipatsa fayilo yosokonekera ndi theka la ola. Ndalama zonse pamodzi sizifika pa malipiro akale, thandizo la kuchipatala palibe, ndipo zimene ndimatumiza ku Zomba pa Mukuru zachepa. Power BI sindinaipezerebe wogula. Bambo wa galaja anayang'ana zithunzi zanga nati n'zokongola, kenako n'kufunsa kuti, "Ndiye ndani sanalipire?" Pano ndikusunga ndalama ya mayeso a ICB, bungwe la osunga mabuku a ndalama, chifukwa amenewo akumanga pa zimene ndikudziwa kale.

Amene mwaganiza zopitabe, pemphani kukhala nawo m'kalasi Loweruka limodzi musanalipire, pitani ndi fayilo yanu yeniyeni, ndipo pangano lodula ndalama kubanki mukaliwerengere kunyumba. Pa chikwangwani sanalembe, koma gawo la Excel limagulitsidwanso palokha, pa mtengo wosafika theka la kozi yonse. Mtsikana wina wa ku Mzuzu amene ndinamutumizako anauzidwa poyamba kuti zimenezo sizitheka, kozi ndi imodzi. Atanyamula chikwama kuti azipita, anamuitana n'kumutulutsira fomu ina m'dirowa.